Nthenda ya Mai Wapakati ndi Kuiwala kwa pa Ukalamba

 Masiku ena timakamba za mafumu ndi za nkhondo, koma madzulo ano tikamba mbiri ya nthenda ziwiri zimene ambiri a ife tinaziona ndi maso m'mabanja mwathu.

Nthenda yoyamba imagwira mkazi wapakati. Nkhope ndi manja zimatupa, mutu umawawa kosaleka, maso amacita cidima, ndipo tsiku lina mkaziyo amagwa naphiriphitha monga munthu wakhunyu. Nthenda yaciwiri imagwira nkhalamba. Ambuya amaiwala maina a adzukulu ao, amafunsa cinthu cimodzi kasanu, nasocera panjira ya kumsika imene anayendamo kuyambira utsikana wao. Pakati pa nthenda ziwirizi pamapita zaka 30 kapena 40, cifukwa cace makolo athu sanaganize kuti ziri paubale, ndipo madotolo omwe sanaganize motero kufikira masiku athu ano. Tsono tiyeni tione umo nzeru imeneyi inadzera, ndi cimene itanthauza kwa akazi athu ndi amai athu.

MAKOLO ATHU ANAZIONA MOTANI

Pakati pa Acewa ndi Angoni nkhani ya mimba inali m'manja mwa nchembere, anamkungwi ndi azamba. Amai amenewa anali odziwa nchito yao, ndipo ife tonse tiri ndi moyo cifukwa ca manja ao. Koma analibe cida coonera za m'kati mwa thupi, motero anamasulira zimene anaona monga mwa mwambo. Munthu akatupa nkhope ndi miyendo, akulu anaganiza za mdulo, nafunsa kuti ndani anathira mcere m'ndiwo ali wosayenera, kapena ndani sanasunge mwambo wa m'nyumba. Mkazi akabvutika pobala, anachula mapinga, nati mwamuna kapena mkaziyo anayenda njira zosayenera, ndipo anam'kakamiza kuulula. Ena poona miyendo yotupa anangoseka nati, ameneyu ali ndi mapasa. Nthawi imene inatha pofunsana mirandu yotere ndiyo nthawi imene mkaziyo anali kufooka.

Nkhalamba yoiwala nayo inali ndi tsoka lace. Ikapezeka usiku iri kuyenda kuseri kwa nyumba ya eni ace, kapena iri cikhalire kumanda osadziwa umo inafikira, anthu sanacedwe kuchula ufiti. Mzungu wina wophunzira za miyambo, Max Marwick, anakhala pakati pa Acewa a cigawo ca Fort Jameson mu 1946 ndi 1947, nabweranso mu 1952, ndipo m'buku lace la mu 1965 anaonetsa kuti mirandu ya ufiti inali kubuka makamaka pakati pa abale a bele limodzi. Ndiko kunena kuti amene anali kuloza cala nkhalamba anali a m'nyumba mwace momwe. Boma linaika lamulo mu 1914 loletsa kuchula munthu mfiti, ndipo lamulolo likalipo m'Zambia, koma lamulo silicotsa mantha mumtima mwa munthu. Cimene cimacotsa mantha ndico kudziwa gwero la nthenda.

KUTSIDYA KWA NYANJA

Musaganize kuti Azungu anabadwa ndi nzeru imeneyi. Asing'anga a Cigriki, zaka zoposa 2,000 zapitazo, analemba kuti kuwawa kwa mutu ndi kuphiriphitha kwa mkazi wapakati nkoopsya, koma sanadziwe cocita. Dzina limene madotolo amachula nalo nthendayi, eclampsia, ndi liu la Cigriki lonena za kung'anima, pakuti inali kugwa modzidzimutsa monga mphezi. Kwa zaka mazana ambiri mankhwala ao anali kutema mtsempha ndi kukhetsa magazi a wodwalayo, ndipo akazi ambiri anafa.

Kuunika koyamba kunaoneka mu 1843, pamene Dotolo John Lever wa pa cipatala ca Guy's ku London anayesa mkodzo wa akazi ophiriphitha, napezamo cinthu conga coyera ca dzira, cimene siciyenera kuturuka m'thupi la munthu wamoyo wabwino. Pamenepo anadziwa kuti impso za akaziwo ziri pabvuto. Mu 1896 Scipione Riva-Rocci wa ku Italy anapanga lamba uja womanga pamkono ndi kupopa mpweya, amene inu a ku migodi mumam'dziwa bwino poyesedwa musanalembedwe nchito. Caka cotsatira, 1897, madotolo awiri a ku France, Vaquez ndi Nobécourt, anaonetsa kuti magazi a akazi ogwidwa ndi eclampsia amathamanga mopitirira muyeso. Mu 1905 Nikolai Korotkoff wa ku Russia anaphunzitsa anzace kumvetsera kugunda kwa mtsempha pansi pa lambayo, ndipo kuyambira pamenepo muyeso wa magazi umalembedwa ndi manambala awiri, lapamwamba ndi lapansi.

Tsono kunadziwika kuti mphezi ija siigwa popanda mitambo. Mkazi asanaphiriphithe, magazi ace amayamba akwera kwa masiku kapena masabata, ndipo nyengo imeneyi anaicha pre-eclampsia. Dotolo John Ballantyne wa ku Edinburgh anadandaulira anzace mu 1901 kuti akazi apakati azionedwa asanafike tsiku lobala, ndipo m'cipatala ca mzindawo anapatula bedi limodzi la nchito imeneyi. Bedi limodzilo ndilo ciyambi ca sikelo imene akazi athu amapitako lero.

Mankhwala oletsa kuphiriphitha anadza pambuyo. Mu 1925 Dotolo Lazard wa ku Los Angeles anasimba kuti analasa akazi otere jekeseni wa magnesium sulphate mumtsempha, ndipo ambiri anapulumuka. Koma madotolo a maiko ena anakayika, nakangana zaka 70. Mkanganowo unatha mu 1995, pamene zipatala za ku Africa, India ndi South America zinayesa mankhwalawo pamodzi ndi ena, nizipeza kuti ndiwo opambana. Mu 2002 kufufuza kwina, kochedwa Magpie, kunayesa akazi 10,141 m'maiko 33, ndipo kunapezeka kuti jekeseniyu akaperekedwa msanga amacepetsa kuphiriphitha ndi theka ndi kupitirirapo. Mankhwala amenewa ngochipa, koma amaperekedwa m'cipatala mokha ndi munthu wodziwa muyeso wace, pakuti akacuruka amaimitsa mpweya.

ZIPATALA KWATHU KUM'MAWA

Pamene Riva-Rocci anali kupanga lamba wace, kwathu kuno kunali kununkha nkhondo. Mu Januwale 1898 asilikari a Azungu anagonjetsa Angoni a Mpezeni, ndipo mu 1899 anamanga boma la Fort Jameson, limene linali likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira 1911. Caka comweco ca 1899 amishoni a Dutch anakhazikika pa Magwero. Msonkho utafika, amuna anayamba ulendo wa ku Harare, ku Wankie ndi ku Joni, ndipo pambuyo pace wa ku migodi ya mkuwa. M'midzi munatsala akazi, ana ndi nkhalamba. Mkazi akagwa ndi nthenda ija, kawirikawiri mwamuna wace anamva ndi kalata maliro atapita kale.

Zipatala zinadza pang'onopang'ono. Ca pa Mwami, pafupi ndi malire a Malawi, cinayamba mu 1927. Ca St Francis ku Katete cinatsegulidwa mu 1948, ndipo Dotolo James Cairns anafikako mu 1958 nagwira nchito kumeneko zaka zoposa 30. Koma masiku amenewo madotolo ambiri sanali kuyembekeza kupeza nthenda ya kuthamanga kwa magazi mwa munthu wakuda. Mu 1929 Dotolo Donnison, atayesa amuna 1,000 a m'midzi ya ku Kenya, analemba kuti magazi ao sanali kukwera ndi ukalamba monga amacitira a Azungu. Mau amenewa anakhala m'mitu ya anthu nthawi yaitali. Koma moyo wa m'matauni unasintha zakudya ndi kakhalidwe kathu, mcere ndi mafuta zinacuruka, kulima ndi kuyenda pansi zinacepa, ndipo pamene boma la Zambia linayesa anthu mu 2017 linapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu ali ndi nthendayi, imene tonse timaicha BP.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, Fort Jameson anachedwa Chipata, ndipo zipatala zazing'ono zinafalikira m'makomboni ndi m'midzi. Lero mkazi wa ku Kapata amayesedwa pa kiliniki ya kwao komweko, ndipo bvuto likakula amatumizidwa ku cipatala cacikuru ca Chipata Central. Mu 2006 boma linacotsa malipiro m'zipatala zazing'ono za kumidzi, ndipo mu 2012 linawacotsanso m'za m'matauni. M'midzi munakhazikitsidwa magulu odzipereka ochedwa SMAG, olimbikitsa akazi kukabalira kucipatala, ndipo mu 2012 nchito yochedwa Saving Mothers, Giving Life inayamba m'maboma anai, awiri mwa iwo ndiwo Lundazi ndi Nyimba. Zipatso zace zinaoneka. Mu 2007 ana obadwira m'cipatala anali 48 pa 100 ali onse. Mu 2018 anafika 84. Akazi omwalira cifukwa ca mimba anali 591 pa ana 100,000 obadwa amoyo monga mwa ciwerengero ca 2007, ndipo ca 2018 cinapeza 278. Nambala imeneyi ikali yaikuru, ndipo pa dziko lonse lapansi nthenda ya kuthamanga kwa magazi imapha pafupifupi mkazi mmodzi mwa asanu ndi awiri omwalira ndi mimba.

Zambia nayo inathandiza kuonjezera nzeru ya dziko lapansi pa nkhaniyi. Mu 2023 kunafalitsidwa zotsatira za kufufuza kochedwa CRADLE-4, kumene kunacitika m'zipatala za ku Zambia ndi India pa akazi 565 odwala pre-eclampsia, mimba zao ziri pakati pa masabata 34 ndi 37. Kunapezeka kuti kum'baditsa mwana msanga, m'malo modikira, kunacepetsa ana obadwa akufa ndi magawo atatu mwa anai. Motero dotolo akanena kuti mwana aturuke tsiku lace lisanakwane, abale asakane poganiza kuti ali kufulumira cabe.

GWERO LA NTHENDA

Kodi nthendayi imacokera kuti? Imayambira pa nsengwa, ciwalo cija cimene mwana amadyerako ali m'mimba. Pa miyezi yoyamba mitsempha ya m'cibaliro iyenera kufutukuka kuti magazi ambiri afike pa nsengwa, monga umo mlimi wa kudimba amakuzira ngalande kuti madzi afike pa bedi liri lonse. Mwa akazi ena mitsempha imeneyi siifutukuka bwino. Nsengwa imamva njala, ndipo imaturutsa zinthu zolowa m'magazi a mai, zimene zimabvulaza cikuta ca m'kati mwa mitsempha ya thupi lonse. Pamenepo mitsempha imaphana, magazi amakwera, impso zimadontha, ciwindi cimatupa, ndipo ubongo womwe umakhudzidwa. Muyeso ukafika 140 pa 90 mimba itapitirira masabata 20, namwino amachera khutu. Ukafika 160 pa 110, moyo wa mai ndi wa mwana uli pangozi tsiku lomwelo. Nthendayi imakonda mimba yoyamba, mimba ya mapasa, mkazi wa zaka zoposa 40, wodwala shuga kapena impso, ndi amene mai wace kapena mbale wace anadwalapo.

Popeza gwero liri pa nsengwa, madotolo anaphunzitsa kwa zaka zambiri kuti nsengwa ikaturuka nthenda yatha. Mai anali kubwerera kwao ndi mwana kumbuyo, khadi la ku sikelo linali kudyedwa ndi ciswe, ndipo panalibe wokumbukanso. Koma akulu anati madzi saiwala khwawa. Munthu wina wa ku America, Leon Chesley, anafuna kudziwa cimene cimaonekera akazi otere pambuyo pace. Anatenga maina a akazi 270 amene anapulumuka eclampsia pa cipatala ca Margaret Hague ku Jersey City pakati pa 1931 ndi 1951, nawalondola kwa zaka makumi angapo, ngakhale amene anasamukira kutari. Mu 1976 anasimba kuti akazi amene anagwa pa mimba yosakhala yoyamba anali kumwalira msanga koposa anzao, ambiri ndi nthenda za mtima ndi za mitsempha. Ofufuza ena anatsata mapazi ace, ndipo mu 2011 bungwe la madotolo a mtima la ku America linalemba pre-eclampsia pa mndandanda wa zinthu zocenjeza kuti mkazi angadzadwale mtima kapena kufa ziwalo m'tsogolo.

NTHENDA YA KUIWALA

Tsopano tibwerere kwa nkhalamba ija. Mu 1906 Dotolo Alois Alzheimer wa ku Germany anasimba za mkazi wina, Auguste Deter, amene anayamba kuiwala ndi kusokonezeka ali ndi zaka za m'ma 50. Mkaziyo atamwalira, dotoloyo anayang'ana ubongo wace ndi galasi lokuza zinthu, napeza kuti unali utaonongeka. Kuyambira pamenepo kunadziwika kuti kuiwala kotere ndi nthenda ya ubongo, monga umo cifuwa cacikuru ciri nthenda ya mapapo. Madotolo amaicha dementia, ndipo iri ya mitundu ingapo. Mtundu wofala kopambana ndiwo wochedwa ndi dzina la Alzheimer. Mtundu waciwiri umadza cifukwa ca mitsempha. Ubongo uli ndi timitsempha tambirimbiri toonda koposa tsitsi, ndipo magazi akathamanga zaka zambiri timitsemphati timauma, tina timatsekeka, ndipo kacigawo ka ubongo kamene kanali kumwa pamenepo kamafa. Mu 1974 Dotolo Vladimir Hachinski ndi anzace analongosola kuti timabala totere tikacuruka timalanda munthu nzeru pang'onopang'ono, ngakhale iye sanagwepo ndi sitiroko yoonekera.

Apa ndipo njira ziwiri zija zikomana. Ku Denmark boma limasunga mbiri ya kucipatala ya munthu ali yense, ndipo ofufuza a kumeneko anawerenga mbiri ya akazi 1,178,005 amene anabala pakati pa 1978 ndi 2015. Mu 2018 anafalitsa zimene anapeza: akazi amene anadwalapo pre-eclampsia anali kugwidwa ndi kuiwala kwa mtundu wa mitsempha kuposa katatu poyerekeza ndi anzao amene sanadwale, ndipo mwa akazi opitirira zaka 65 kusiyanako kunafika kasanu ndi kamodzi. Pa nthenda ya Alzheimer kusiyana kunalipo, koma kocepa. Ku Rotterdam, m'dziko la Netherlands, ofufuza ena anayesa cikumbukiro ca akazi 596 patapita zaka 15 cibalire, ndipo amene magazi ao anakwera pa mimba anabvutika koposa anzao pogwira ndi kukumbukira mau atsopano.

Pano ndiyenera kulankhula mosamala, kuti wina asagone ndi mantha usiku uno. Kunena kuti katatu sikutanthauza kuti mkazi ali yense amene anatupa pa mimba adzaiwala ana ace. Ambiri ndithu amakalamba ndi nzeru zao zonse. Ofufuza amamasulira ubale umenewu m'njira ziwiri. Ena amati nthenda ya pa mimba imasiya zipsyera m'mitsempha. Ena amati mitsempha ya mkaziyo inali yofooka kale, ndipo mimba inangoulula, monga umo katundu wolemera amaululira njinga ya sipoko zofooka. M'njira zonse ziwiri phunziro ndi limodzi: mimba imacenjeza mkazi akali ndi zaka 20 kapena 30 za ngozi imene ingam'peze ali ndi zaka 60 kapena 70, ndipo pakati pamenepo pali nthawi yokwanira yocitapo kanthu.

CIFUKWA CACE NKHANIYI IRI YATHU

Wina angati, zimenezi nza ku Ulaya, kwathu anthu safika zaka zotere. Kale mau amenewo anali ndi coonadi. Pa zaka zimene edzi inali kutha anthu, moyo wa munthu wa m'Zambia poyerekeza unali wosafika zaka 50, koma tsopano wapitirira 60. Akazi amene anapulumutsidwa ndi jekeseni uja pa Mwami, pa St Francis ndi pa Chipata ali kukalamba tsopano, ndipo ndiwo ali kulera ana amasiye ndi kusunga minda yathu. Bungwe loona za nthendayi pa dziko lonse linawerenga kuti mu 2015 anthu oposa 2 miliyoni a m'maiko a Africa a kumwera kwa cipululu ca Sahara anali ndi dementia, ndi kuti pofika 2050 adzapitirira 7 miliyoni. Nthendayi ikakhazikika iribe mankhwala oicotsa. Banja limasenza lokha katundu wace, ndipo kawirikawiri amene amaleka sukulu kapena geni pamsika kuti asunge ambuya ndi mwana wamkazi.

Koma kupewa nkotheka. Mu 2024 bungwe la akatswiri losonkhanitsidwa ndi nyuzipepala ya madotolo yochedwa Lancet linachula zinthu 14 zimene munthu angazisinthe, monga BP, shuga, fodya, mowa wambiri, kugontha kosathandizidwa ndi kubvulala mutu, ndipo linati zimenezi pamodzi ndizo gwero la pafupifupi 45 pa 100 ya nthenda ya kuiwala. Umboni woposa unacokera ku China mu 2025. Kumeneko anatenga anthu 33,995 a BP m'midzi 326. M'midzi ina anchito a zaumoyo a m'mudzi momwemo, osati madotolo akuru, anali kuyesa anthu kawirikawiri ndi kuwapatsa mankhwala kufikira magazi atatsika; m'midzi ina zinthu zinali kuyenda monga mwa masiku onse. Patapita zaka 4, nthenda ya kuiwala inacepa ndi 15 pa 100 m'midzi yoyambayo. Zida zao zinali lamba wa pamkono, mapiritsi ochipa ndi khama, ndipo zonsezi zingapezeke ku Kapata.

ZOYENERA KUCITA

M'mera mpoyamba. Mkazi akaima ayambe sikelo miyezi itatu isanathe, osadikira kuti mimba ionekere. Kuyambira 2016 bungwe la zaumoyo la dziko lonse limalangiza kuti aonedwe kasanu ndi katatu asanabale, ndipo ulendo uli wonse ayesedwe magazi pamkono. Kwa akazi amene ali pangozi yaikuru, bungwe lomwelo linalangiza mu 2011 kambulu kakang'ono ka asipirini tsiku ndi tsiku, ndi kashiamu kumene zakudya ziri zosowa. Koma zimenezi apereke ndi namwino, munthu asagule yekha pa kantemba. Kutupa mapazi kokha kumaoneka pa mimba zambiri ndipo sikuopsya. Koma nkhope ndi manja zikatupa, mutu ukawawa osamva mankhwala, maso akacita cidima kapena kuona nyenyezi, kapena pakamveka ululu pansi pa nthiti za kudzanja lamanja, mkaziyo apite kucipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Mirandu ya m'banja idzakambidwa iye atacira. Dziwaninso kuti nthendayi ingagwe mwana atabadwa kale, makamaka sabata loyamba, ndipo nthawi zina kufikira masabata 6.

Inu amai amene munauzidwapo kuti BP yanu inakwera pa mimba, ngakhale papita zaka 20, sungani mau amenewo monga musunga citupa. Muuzeni namwino ali yense amene akuonani, ndipo yezetsani magazi kamodzi pa caka ngakhale simumva kuwawa pali ponse, pakuti nthendayi imadya mwakacetecete. Mukapatsidwa mapiritsi musaleke poona kuti mwapeza bwino. Cepetsani mcere m'ndiwo, lekani fodya wa pamphuno ndi wosuta, ndipo musataye khasu ndi kuyenda pansi. Uzaninso ana anu akazi, popeza nthendayi imatsata mtundu.

Inu amuna anzanga a ku migodi, kampani imakuyesani magazi cifukwa ifuna mphamvu zanu. Nanga ndani amayesa mkazi wanu ndi mai wanu kumudzi? Potumiza ndarama za feteleza, patulanipo za ulendo wa ku kiliniki, ndipo poimba lamya funsani manambala awiri aja monga mufunsa za mvula ndi cimanga. Mkazi wanu akakhala wapakati, konzeranitu galimoto kapena njinga yamoto imene idzam'nyamule usiku, ndipo muuze akulu a pamudzi kuti asadikire cilolezo canu.

Potsiriza, ambuya akayamba kuiwala ndi kuyenda usiku, pitani nao kucipatala. Nthawi zina kusokonezeka kwa nkhalamba kumadza ndi nthenda yocizika, monga malungo, shuga kapena nthenda ya m'cikhodzodzo. Ngati iri dementia, BP yao iyesedwe ndithu, kuti timitsempha totsala tisungike. Muwalankhule mofatsa, musawasinthesinthe malo ogona, ndipo anansi adziwe za nthenda yao kuti akawapeza panjira awabweze kwao mwaulemu. Munthu wowachula mfiti mum'kumbutse kuti lamulo la dziko limaletsa, ndipo mum'longosolere zimene mwamva lero. Mwina ubongo umene uli kuzima tsopanowo unayamba kubvulala tsiku limene mai ameneyo anali pakati pa moyo ndi imfa kuti abale mmodzi wa ife. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo dambo likayamba kuuma, eni mudzi ndiwo alisamala.